Ndikumva, Adokotala

Amuna anga, a Gladson Chikaonda, anabadwa ndi mawu akuti "ndamva" pakamwa. Bwana akawakalipira pa zimene sanalakwe, ndamva. Kondakitala wa minibasi akawauza kuti chenji palibe, ndamva. Ngakhale ine mkazi wawo ndikawalalatira kuti achotse majombo amatope pakhomo, yankho linali lomwelo, majombowo n'kugona pomwepo mpaka m'mawa. Ndinkawanena kuti tsiku lina imfa idzasokera n'kugogoda pakhomo pathu ikufuna munthu wina, iwo adzangoti ndamva n'kuitsatira. Ankangoseka, poti mkwiyo alibe. Mkwiyo wonse wa banja lathu ndimasunga ndine.

Ine ndine Esnati, koma iwo amanditchula kuti Anaphiri. Kwathu ndi ku Malingunde. Tinabwera m'tauni mwana wathu Triza ali kumsana, ndipo pamene zimene ndikunenazi zinkachitika n'kuti ali ku sekondale yogonera komweko. A Gladson ankasamalira maluwa ndi kapinga ku Area 9, kwa mayi Hellen amene amagwira ntchito kubanki ku City Centre. Tinkagona m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yawo. Ine masana ndinkakhala pansi pa mtengo ku City Centre komweko, kugulitsa nthochi ndi mtedza kwa anthu a m'maofesi, amene amavala tayi koma ponenerera mtengo wa nthochi imodzi amatiposa tonse.

Pabwalo pa mayi Hellen pali mtengo waukulu wa mapeyala. Nthambi yake ina inadutsa mpanda n'kumakagwetsa masamba kwa aneba, ndipo anebawo anali atadandaula kangapo. M'mawa wina, mvula itawaza, mayi Hellen anatsitsa galasi la galimoto pageti n'kuuza a Gladson kuti nthambi ija ichoke. Munthu wina akanati madamu, mtengo ukuterera, tidikire dzuwa. Amuna anga anati ndamva. Anavula majombo, kuwaimika patsinde, n'kukwera ndi chikwanje.

Foni inandipeza ndikupimira munthu mtedza. Anaimba ndi mlonda wa aneba aja. Anati agwa, ndipo amenyetsa msana pamwamba pa mpanda wa njerwa asanafike pansi. Zimene alonda anachita ndinazimva pambuyo pake. Anawadzutsa, kuwakhazika, kuwamwetsa madzi, wina n'kumakoka miyendo kuti iwongoke, kenako anawapinda n'kuwalowetsa kumpando wakumbuyo wa galimoto. Kuchipatala anatiuza kuti munthu wovulala msana sakhazikidwa, amanyamulidwa chogona pa chinthu cholimba ngati chitseko. Alondawo sindiwaimba mlandu. Kwathu munthu akagwa timamudzutsa, ndipo womusiya chigonere timamuti ndi mfiti.

Tsiku limenelo minibasi inali itagubuduzika pa msewu wa ku Dedza, choncho kolandirira ovulala kunalibe poponda. Ndinawapeza atagonekedwa chagada pa bedi la matayala, khosi atalimanga ndi chinthu cholimba kuti mutu usatembenuke, maso ali kudenga. Atawajambula, panabwera dokotala wina wamwamuna, khoti lake loyera lili ndi magazi a anthu ena. Kutopa kunkaoneka m'maso mwake. Anaima kumiyendo kumene ndinaima ine, n'kutulutsa kaphini, n'kubaya pansi pa phazi la amuna anga.

"Bambo, mukumva?"

"Ndikumva, adokotala."

Anabayanso pabondo, kenako pantchafu, akufunsa chimodzimodzi, ndipo yankho linkabwera lomwelo, lomveka bwino, laulemu. Atawauza kuti agwedeze zala za kumapazi palibe chinagwedezeka. Komabe dokotalayo anapumira m'mwamba ngati munthu amene wapeza nkhani imodzi yabwino pa tsiku loipa.

Anandikokera pambali n'kundifotokozera mwachangu, kwinaku akuitanidwa kale kwina. Anati fupa la msana lathyoka, ndipo m'kati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu umene umanyamula uthenga kuchoka kumutu kupita kumiyendo, ndi kuchoka kumiyendo kubwerera kumutu. Mtsemphawo wavulala. Anati kuvulala kwake kuli mitundu iwiri. Pali kotheratu, pamene uthenga sudutsa ngakhale pang'ono, ndipo pali kosatheratu, pamene kanjira kena katsala. Anati popeza bambowa akumva phini, zikuoneka kuti kwawoku n'kosatheratu, ndipo anthu otere ambiri mphamvu zimabwerera, ena mpaka kuyenda. Anawonjezera kuti chenicheni chidzadziwika kutupa kukaphwa, koma zimenezo khutu langa linazisiya zidutse. Ine ndinatola mawu akuti kosatheratu n'kuwamanga pansonga ya chitenje.

M'mawa mwake, titalowa muwodi, ndinawauza a Gladson zonse ndikuseka. Ndinati Mulungu ndi wamkulu, muyenda, adokotala anena okha, chifukwa pamene ankakubayani ndi phini kumapazi kuja munamva. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali osaphethira. Ine ndinkati ndi ululu wa msana. Kenako ananena kuti ndamva.

Wodi ya anthu othyoka msana ndi sukulu imene palibe amafunsira malo. Mphunzitsi wanga anali Mariamu wa ku Area 4, amene ankadikirira mchimwene wake Mukhtar pa bedi loyandikana ndi lathu. Mukhtar anali wa kabaza wa njinga yamoto, ndipo iye anathyoka khosi. Manja sankagwira, miyendo sinkagwira, ngakhale kutsokomola kunkamuvuta. Ntchentche ikatera pamphuno pake ankadikira mlongo wake kuti aiingitse. Mariamu ndi amene anandiuza kuti muwodimo anthu amadziwana ndi pamene anathyokera. Wa pakhosi amataya manja ndi miyendo yomwe. Wa pakati pa msana, ngati amuna anga, manja amakhala nawo koma kumunsi kumazima. Wa m'chiuno amataya zochepako, ngakhale mkodzo ndi chimbudzi zimamusokonekerabe. Anati pamene pavulala pakakwera m'mwamba, zotayika zimachuluka. Ankanena zimenezi akusenda lalanje, mopanda chisoni m'mawu, ngati akundilozera njira ya kumsika.

Anandiphunzitsa kutembenuza munthu wamkulu osamupinda, ngati chipika, kuti asachite zilonda za pabedi. Anandiphunzitsa kukhuthula thumba la mkodzo ndi kuyang'ana mtundu wake, ndi kuvala gulovu pothandiza amuna anga zimene mkazi sayembekezera kuti adzathandiza mwamuna wake asanakalambe. Tsiku loyamba ndinatuluka kukalira kumpopi. A Gladson anatseka maso mpaka nditamaliza, n'kunena kuti zikomo Anaphiri.

Koma ine ndinali ndi chondilimbitsa. Kumapeto kwa wodi kunali bambo wina amene anagwa pa denga la nyumba imene ankamanga. Anabwera miyendo ili lende ngati ya amuna anga, koma phini ankaimva. Tinaona ndi maso athu chala chake chachikulu chikuyamba kugwedezeka, kenako bondo, kenako a mafizo, amene amaphunzitsa odwala kuyendanso, akumuimika pakati pa zitsulo ziwiri. Tsiku limene anatuluka akuyendera ndodo, ndinamuperekeza ndi maso mpaka pakhomo. Ndinati m'mtima, njira yathu ndi imeneyo, ife tangotsalira m'mbuyo pang'ono.

Choncho ndinaika moyo wanga wonse kumapazi a amuna anga. M'mawa ndikawasambitsa ndinkakhala kumunsi kwa bedi, kutenga mafuta odzola, n'kumasisita chala chimodzichimodzi, chidendene, akakolo, mpaka m'mawondo. Masana chimodzimodzi, madzulo chimodzimodzi. Ndinkati ndikudzutsa kanjira katsala kaja kuti kasagone. Nthawi iliyonse ndinkadzutsa mutu n'kufunsa kuti bambo a Triza, mukumva? Iwo ankati ndikumva, Anaphiri. Mapazi aja a munthu wa m'munda, a ming'alu yoti ungabisemo njere ya chimanga, anasalala n'kukhala ofewa ngati a khanda. Miyendo inayamba kuonda, koma ndinkati n'chifukwa cha chakudya cha kuchipatala.

Madokotala akamayendera odwala ankafika pa bedi lathu ali gulu, kuwerenga zimene mnzawo uja analemba, kulankhulana Chingerezi, n'kunena kuti bambowa apitirize kugona chagada fupa ligwirane. Ankafunsa a Gladson ngati zikuyenda, ndipo munthu wa ndamva angayankhe chiyani? Gulu linkapitirira.

Mayi Hellen ankabwera Loweruka ndi juwisi ndi matewera a akulu. Ndinkafuna kuwada mayi amenewa, ndipo ndinayesetsa ndithu, koma munthu amene akulira misozi yeniyeni pamaso pako amakulanda mawu. Nditawauza za kosatheratu anandikumbatira. Anati ntchito ya a Chikaonda palibe aitenge, kanyumba kathu palibe alowemo, angopeza waganyu wotchetcha kapinga kufikira eni ake atadzuka. Anafunsa amuna anga ngati amva zimenezo, ndipo inu mukudziwa kale chimene anayankha.

Tsiku lina ndikuwapukuta a Gladson, mwendo wamanja unadumpha wokha. Unakweza bondo m'mwamba n'kunjenjemera, kenako n'kugwa. Ndinaimba nthungululu muwodi ya chipatala ngati ndili pa chinkhoswe. Ndinaimbira Triza kudzera kwa aphunzitsi ake, ndinaimbira amayi a mvano a kumpingo kwathu, ndinaimbira ndi achimwene a amuna anga ku Malingunde. Nesi wina wachikulire anandiuza motsitsa mawu kuti miyendo ya anthu ovulala msana imadumpha yokha nthawi zina, mwini wake osaituma, ndipo sizitanthauza kuti mphamvu zabwera. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Ndinati m'mtima, anthu ena uthenga wabwino umawatupitsa m'mimba. Miyendo ya Mukhtar nayonso inkadumpha chomwecho tsiku ndi tsiku. Ndinadziuza kuti awo ndi a pakhosi, ife ndife ena.

Panalinso nkhani ya phala. Ndinali nditangolitenga kukhitchini likutentha, ndipo poika kapu pa kabati lina linatayikira pa nsalu yofunda, pantchafu pawo penipeni. Iwo n'kuti akundifotokozera kuti waganyu uja ndimuuze asamathirire maluwa masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo sanadukize ngakhale liwu limodzi. Ndinapukuta nsaluyo pamwamba n'kupitiriza kuwadyetsa. Madzulo powatembenuza ndinapeza thuza lalikulu ngati dzira. Ndinawakalipira kuti munthu ukupsa osanena bwanji? Anati sanafune kundivutitsa. Ndinakhulupirira, chifukwa ndi mmene alili. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine masiku amenewo aliyense wonditsina khutu ndinkamuona mdani, ngakhale maso anga omwe.

Patapita milungu ingapo anatiuza kuti kutupa kwaphwa, ndipo kubwera dokotala wa za misana kudzawayeza bwinobwino. Kutatsala tsiku limodzi kuti abwere, ndinakwera minibasi kupita ku Area 9. Nthambi ija wina anali ataimalizitsa, pamtengopo patatsala chilonda choyera, ndipo mapeyala anali atakula ngati palibe chinachitika. Majombo ndinawapeza pakhomo pa kanyumba kathu pamene ndinawaika nditawatola patsinde paja, matope ataumirapo. Zaka zonsezi ndinkalimbana nawo majombo amenewa, koma tsiku limenelo ndinawatsuka ndi sopo wosambira, kuwapukuta ndi chitenje changa chabwino, n'kuwaika m'jumbo. Ndinkadziwa kuti sangawavale mawa lomwelo, sindine chitsiru. Ndinkangofuna kuti dokotala akadzanena tsiku loyamba kuimirira, ndidzawatulutse, amuna anga aseke. Ndinawabisa pansi pa bedi iwo ali mtulo.

Dokotalayo anali mayi wamfupi, wa ku Karonga, dzina lake Lusubilo. Nesi wachikulire uja anandinong'oneza kuti kwawoko dzinali limatanthauza chiyembekezo, ine n'kuti mwaona, zizindikiro zonse zili mbali yathu. Anatchinga bedi ndi makatani n'kundilola kukhala. Sanathamange. Anayamba wawapatsa moni a Gladson, kufunsa kwawo, kufunsa za ntchito yawo. Kenako anawaonetsa kaphini ndi kathonje, n'kuwakhudza nazo patsaya kuti adziwe kusiyana kwake.

"Tsopano tsekani maso, bambo. Ine sindikufunsani kanthu. Mukamva kuti ndakukhudzani, nenani nokha, chakuthwa kapena chofewa."

Anayambira paphewa. Chakuthwa. Pamkono, chofewa. M'manja, pachifuwa, m'nthiti, amuna anga ankayankha msanga ngati mwana wakhama m'kalasi, ndipo sanaphonye. Ine ndinkagwedeza mutu monyada. Dokotala ankatsika pang'onopang'ono, mbali iyi ndi mbali iyo, mpaka anafika pamchombo. Chakuthwa, anatero a Gladson, koma mokayika, ngati mawu ochokera patali.

Phini inatsika pansi pa mchombo, ndipo muwodimo munangomveka wailesi ya munthu wina kuseri kwa katani. Inabaya m'chiuno, pantchafu pafupi ndi chipsera cha phala chija, pabondo, pakakolo. A Gladson anali gone, maso otseka, nkhope yodekha, kudikira moleza mtima ngati mmene amadikirira minibasi. Dokotala anagwira chala chachikulu chimene ndinkachisisita tsiku ndi tsiku, n'kubaya mpaka khungu kulowa m'kati. Phini ili pomwepo, amuna anga anafunsa mwaulemu.

"Mwamaliza, adokotala?"

Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangozindikira ndikulankhula mokweza kuti ayi, amamva, tsiku loyamba anamva ine ndili pomwepo, ndipo tsiku lililonse amamva. Ndinati phini yanuyo ndi yobuntha. Ndinakankha dzanja la dokotala, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire, n'kugwira phazilo ndi manja awiri, kulifinya ndi mphamvu zanga zonse.

"Bambo a Triza, mukumva?"

"Ndikumva, Anaphiri."

Ndinatembenukira kwa dokotala ngati munthu wopambana mlandu. Iye sanakwiye. Anandiyang'ana mwachifundo chimene mpaka lero ndikachikumbukira chimandipweteka. Anandikodola ndi dzanja kuti ndisiye phazilo ndibwerere m'mbuyo, kenako ndi milomo yokha, popanda mawu, anandiuza kuti ndifunsenso. Ndinasiya. Ndinaima patali, manja anga ali m'malere, osakhudza kanthu. Ndinafunsanso.

"Mukumva?"

"Ndikumva."

Dokotala anawerama pafupi ndi mutu wawo. "Mukumva chiyani, bambo Chikaonda?"

Anatsekula maso. Sanayang'ane dokotala, anayang'ana ine. "Mawu a mayi a kunyumba," anatero.

Ndinakhala pansi pa simenti. Dokotala anapempha chilolezo kwa amuna anga kuti ayeze malo omaliza, kotulukira chimbudzi, chifukwa anati mitsempha ya kumeneko ndiyo ya kumapeto kwenikweni, ndipo ngati kanjira kalikonse katsala kamapezeka kumeneko. Ndinagwira mpweya ndikupemphera pemphero lopanda mawu. Kumenekonso kunalibe kanthu.

Atasamba m'manja anakoka mpando n'kukhala, kuti asatilankhule ataimirira. Anati iwo amagawa kuvulala kumeneku ndi zilembo, kuyambira A mpaka E. Wa E ndi amene zonse zabwerera. Wa D ndi wa C minofu ya kumunsi imagwirako, wina kwambiri wina pang'ono, ngati bambo wa ndodo uja. Wa B amamva kukhudzidwa koma sagwedeza. Wa A samva ndipo sagwedeza, uthenga sudutsa. Anati a Chikaonda ndi A, kuyambira pamchombo kutsika. Ndinakumbukira mmene tinavinira Triza atabweretsa A wa masamu ali ku pulayimale. Sindinkadziwa kuti kuli malo kumene A ndiye wa kumapeto.

Anati kudumpha kwa mwendo kuja ndi mtsempha wa kumunsi umene ukuchita zawokha chifukwa sukumvanso za kumutu. Anati manja awo ndi amphamvu, chifuwa chili bwino, adzaphunzira kukhala tsonga, kudzisuntha, kuyendetsa chikuku, ndipo anthu ambiri otere amakhala zaka zambiri akugwira ntchito za manja. Za kuyenda anati sangatinamize. Anati pakapita nthawi yotere popanda chobwerera, ndi ochepa kwambiri amene zimasintha, ndipo si bwino kumanga nyumba pamenepo. Anapepesa chifukwa cha zimene zinalembedwa tsiku loyamba. Anati funso lija silifunsidwa chomwecho, koma tsiku la ngozi munthu mmodzi amagwira ntchito ya anthu ambiri.

Pomaliza anagwira dzanja la amuna anga. "Mwamva, bambo Chikaonda?"

Ndinadikira. Zaka zonse za ukwati wathu ndinkalakalaka tsiku limene munthu ameneyu adzakane kunena mawu aja, ndipo tsikulo linafika. Anangoyang'ana kudenga, milomo ili phee, msozi umodzi ukutsikira m'khutu. Ndikanapereka chilichonse kuti anene ndamva, kuti ndidziwe kuti a Gladson anga akadali momwemo. Dokotala anadikira nafe kanthawi, kenako anatuluka mwakachetechete n'kusiya makatani ali chitsekere.

Ngolo ya chakudya chamasana inadutsa n'kubwerera. Mariamu anasuzumira, kutiona, n'kubweza katani. Mtima wanga unali utasweka, ndipo mwa ine chisoni chikalowa chimatulukira ku mkwiyo. Ndinkafuna wokalipira. Dokotala woyamba uja, mayi Hellen, aneba ndi masamba awo, alonda, ngakhale makolo athu akale amene anaona kuti khutu ndi khungu zingagawane liwu limodzi ngati kuti mawu anali osowa. Koma amene anali pafupi ndi amuna anga, choncho ndinawafunsa kuti anadziwa liti.

Anayankha pang'onopang'ono, akuyang'anabe kudenga. Anati pa bedi la matayala paja sankaona kumiyendo, ndipo sanadziwe n'komwe kuti pali amene akuwakhudza. Anangomva munthu wamkulu akufunsa ngati akumva, iwo n'kuganiza kuti akufuna kudziwa ngati mutu ukugwira ndiponso makutu sanagonthe ndi kugwa kuja. Anayankha zoona. Anazindikira m'mawa mwake, pamene ndinabwera ndikuseka n'kutchula za phini imene iwo sankaidziwa.

"Nanga osanena bwanji?" Ndinatero. "Milungu yonseyi, ine kuimbira dziko lonse, kuimba nthungululu ngati wamisala, inu muli chete?"

"Ndikanawauza bwanji adokotala kuti alemba zolakwika? Ine ndani?" Anapuma. "Ndipo inu munali mutaseka, Anaphiri. Chigwereni ine, kanali koyamba. Ndinati ndinena mawa. Mawa lake munabwera ndi mafuta."

Ndinati ndiye kuti mwakhala mukundinamiza tsiku ndi tsiku. Anapukusa mutu pa pilo.

"Sindinakunamizeni. Mukafunsa, mawu anu ndinkawamva. Ndinkadikira kuti mufunsenso."

Mkwiyo wanga, umene sunandithawepo chikhalire, unandisiya ndekha pamenepo. Iwo ndi amene anapitiriza. Anati majombo amene ndabisa pansi pa bedi anawamva fungo la sopo kuyambira dzulo. Anati ndikawapereke kwa waganyu uja, chifukwa m'mawa kapinga wa mayi Hellen amakhala ndi mame ambiri, ndipo kuseri kwa thanki kumabisala njoka. Anati ndikamuuzenso kuti lamanzere limalowa madzi pachidendene, aziikamo pepala la pulasitiki. Ankalankhula ngati munthu wosiya mawu asananyamuke ulendo, ndipo ndinadziwa kuti akutsanzikana ndi munda wawo, ndi kanyumba kathu, ndi zonse zimene tinadzera m'tauni.

Manja anga sankadziwa chochita, choncho anachita zimene anazolowera. Ndinatenga botolo la mafuta pa kabati, kupita kumunsi kwa bedi, kuvundukula nsalu, n'kuika phazi lawo pamwendo panga. Ndinayamba chala chaching'ono monga mwa masiku onse. Misozi inkagwera pa phazilo n'kusakanikirana ndi mafuta. Iwo ankandiona ndi m'munsi mwa maso.

"Anaphiri," anatero motsitsa. "Kumeneko kulibe munthu. Bwerani kuno."

Ndinabweza phazilo pa bedi, kulifunditsa, n'kusendera kumtunda. Anagwira dzanja langa ndi dzanja lawo lija la zikhadabo zothyokathyoka, limene linali likadali ndi mphamvu zake zonse, n'kuliika pachifuwa pawo, pamwamba pa mchombo, m'kati mwa malaya. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti milungu yonseyi ndinkasisita kumene iwo kulibe, ndipo kumene anali ndinkangokugwira powatembenuza. Munthu anali gone pomwepa, akudikira.

Sindinafunse funso lija. Mtima wawo unkagunda pansi pa chikhatho changa, ndipo anatseka maso.

"Manja anu akuzizira," anatero.